Kukanena Maliro ku Bwalo la Ndege

Ulendo wa ku Maputo sindinaufune ine, ndipo mpaka lero munthu akandifunsa kuti mzindawo ngwotani ndimamuuza kuti akadzionere yekha. Ndinapita chifukwa cha amayi. Amayiwo anapita chifukwa cha achimwene anga a Domingo, amene miyendo yawo imalemera ikamva za kwathu ku Ntengo-Wambalame, koma maiko a eni amawadumphadumpha ngati mizere ya m'munda.

A Domingo ndiwo oyamba kubadwa m'nyumba mwathu, ine Felista ndine mzime. Nthawi ya nkhondo, tili kothawa ku Ntcheu, ansembe anaona kuti mnyamatayo ali ndi mutu ndipo anamutenga kukamuphunzitsa. Nkhondo itatha ife tinabwerera kwathu kukazula zitsa m'minda imene inali itasanduka tchire. Iwo anapitirira ku Beira, kenako ku Portugal, n'kukwatira komweko. Atate atamwalira dzinja lapitalo, a Domingo sanabwere. Anatumiza ya bokosi, mwambo wonse n'kuuonera pafoni imene msuweni wathu anaiimika m'mwamba pakati pa anthu olira. Kwa iwo nkhani inathera pomwepo, koma kwa amayi inali isanayambe n'komwe.

Kwathu foni imangodziwitsa, siinena maliro. Mbale amene sanakhalepo pamaliro, tsiku loyamba kuonana naye simupatsana moni, simufunsana za ana, ngakhale madzi simumwa. Mumakhala pansi, mumayamba mwalira, kenako mwini maliro amafotokoza matenda onse kuyambira tsiku limene malemuwo anayamba kudandaula mpaka pamene anatsirizika, osadumpha kanthu. Akamaliza, wobwerayo amapepesa, ndipo pamenepo m'pamene timati wauzidwa. Amayi ankati malinga ngati mwana wawo woyamba sanauzidwe, maliro a atate akadali pakhomo. Anthu anameta, chimanga chinakololedwa, koma iwo ankangokhala ngati munthu wosenza mtsuko amene wasowa poutula.

Ndiye tsiku lina ndili pamsika ku Furancungo, kumene ndinakwatiwa ndipo ndimagulitsa nyemba, foni inalira. Anali a Domingo. Akuti akubwera ku Maputo ku msonkhano wa kuntchito, akhala sabata imodzi yokha, ndipo nthawi yofikira ku Tete palibe.

"Ubwere nawo amama kuno, Feli. Ndilipira ndege kuchokera ku Tete, n'kanthawi kochepa mwafika."

Ndinatsala pang'ono kuwafunsa kuti ngati n'kanthawi kochepa, chikuwaletsa n'chiyani iwowo kuikwera ndegeyo. Ndinameza mawu poti ndi akulu, ndipo mpaka pano ndimanong'oneza bondo kuti ndinameza.

Amayi atamva za ndege anakana kwamtuwagalu. "Atate anu sadakwerepo chimenecho. Ine ndisenze maliro awo n'kupita nawo m'mitambo? Ndiyenda pansi pomwe agonapo." Amene amawadziwa amayi anga akudziwa kuti akatero nkhani yatha.

Ndinasiyira mnzanga benchi langa n'kukwera mota, njinga yamoto ija, kudzera ku Domwe ndi ku Ulongwe, fumbi mpaka m'mano. Ndinkayesa ndikawapeza atamanga katundu. Ndinawapeza ali kudimba akukumbitsa kachewere wa mbewu imene atate anasiya, kuti mwana akalaweko za dzanja la atate ake. Tsikulo linatha. M'mawa mwake anati sangachoke osatsazika amayi a kumpingo, ndipo kutsazika kwa amayi anga si koimirira pabwalo, amalowa nyumba iliyonse n'kukhala pansi. Ndinawakumbutsa kuti zengerezu adalinda kwawukwawu, ndiponso kuti a Domingo anyamuka Lachisanu madzulo. Anandiyang'ana n'kunena kuti wochoka osatsazika ndi mbava. Ndinawatsatira nyumba ndi nyumba ndikuwira mumtima, poti kukalipira mayi wamasiye pamaso pa anthu sikutheka.

Shapa ya ku Tete, minibasi ija, tinaikwera pamsewu waukulu kukucha. Kobradoro, yemwe amatolera ndalama za okwera, atangoona thumba la kachewere anati nalonso lilipire ngati munthu. Ndinamufunsa ngati thumbalo alipatse mpando wake ndi zenera lomwe. Anati ayi, likhala pamapazi panga. Ndiye ndinalipirira thumba kuti lindiphwanye zala kuchokera kwathu mpaka ku Tete. Pa Mussacama tinaima nthawi yaitali kudikira anthu oti adzaze mpando umene unali wodzaza kale. Ku Moatize fumbi la malasha linatilowa m'maso, ndipo potsikira ku Zambezi kutentha kunatilandira. Ife a kumapiri tinazolowera kuzizira kolasa mafupa, pomwe mphepo ya ku Tete imakhala ngati yatuluka mu uvuni wa njerwa. Amayi anali atavala juzi ziwiri ndipo anakana kuvula ngakhale imodzi, akuti ku Maputo kuli nyanja, kukazizira.

Mashimbombo, mabasi akuluakulu a ku Maputo, a tsiku lotsatira tinawapeza atadzaza, choncho tinataya tsiku linanso tili kwa mlamu wanga tikudzikupiza ndi makatoni. Tinapeza malo m'basi ya m'mbandakucha wa Lachitatu, chigalimoto chachitali chokoka ngolo ya katundu. Ndinaona kuti tikayenda bwino tikafika Lachinayi, amayi n'kukhala ndi mwana wawo usiku umodzi ndi m'mawa wake. Ndinati bola, chochepa sichikana kugawa.

Mpando wa pafupi nafe unali wa dona Zita, mayi wonenepa wa ku Songo amene amapita ndi kapenta ku Maputo mwezi ndi mwezi. Chinyungwe chake ndi Chichewa chathu zinkamvana bwinobwino. Fungo la katundu wake linali m'basi monse, koma mtima wake unali wabwino. Analakwitsa chinthu chimodzi chokha, anafunsa amayi kuti duku lakuda limene anavala n'la ndani. Amayi anakonza pakhosi tili ku Changara, n'kuyamba. Tinadutsa Guro atate akadali kutsokomola, ndipo pofika ku Catandica m'pamene ankaikidwa m'manda. Dona Zita analira n'kupepesa monga mwa mwambo, chonsecho atate sanawaonepo chibadwire. Mtima unandiwawa. Mlendo wogulitsa kapenta wamva maliro onse mpaka kumapeto, pamene mwana wa m'mimba akufuna timulondole kunyanja. Ndinaonanso kuti nkhani imeneyi si yofotokozera munthu amene phazi lake lina lili panjira.

Chimoio tinadutsa bwino. Kuchokera pa Inchope msewu ndi dzina lokha. Maenje ake motorisita, woyendetsa basi, sankawazemba, ankangosankha loti alowemo. Tisanafike ku Muxúnguè pansi pa basi panamveka khoo, basi n'kupendekera mbali imodzi, n'kuima. Chitsulo chogwira matayala akumbuyo chinali chitathyoka. Motorisita anatsika, anasuzumira, anaimba foni, n'kutiuza kuti china chikuchokera ku Chimoio ndipo chifika "agora mesmo", ndiye kuti pompano. Pompano wakeyo tinamudikira mpaka dzuwa kulowa, tinagona m'basi, kunacha, dzuwa linafikanso pamutu.

Tinakhala pansi pa mtengo wa mbibu m'mbali mwa msewu. Amayi a m'midzi yapafupi anabwera ndi nanazi pamutu, ndipo mtengo wake unkakwera molingana ndi njala imene ankaiona pankhope pathu. Bambo wina wa tayi anatsegula Baibulo n'kulalikira kuti basi yafa chifukwa pakati pathu pali wochimwa. Dona Zita anamuyankha kuti wochimwayo alipodi, ndi mwini basi amene wakhala ku Tete akumwa zoziziritsa kukhosi. Anthu anaseka, koma ine kuseka kunali kutandithera. Mapazi a amayi anali atatupa mpaka nsapato kukana kulowa. M'basiketi mwawo munali nkhuku yootcha, ndipo nditati tidyeko ngakhale phiko anandimenya dzanja. "Nkhuku ya mwana," anatero, ngati ine ndinatoledwa panjira. Pomwe amavomera n'kuti itayamba kununkha. Nkhuku ya a Domingo anadya ndi galu wa pamudzipo, ife tikutafuna nanazi mpaka lilime kusupuka.

Tili pomwepo a Domingo anaimba.

"Muli pati, Feli?"

"Pansi pa mtengo."

"Mtengo wa kuti? Ndinakuuzani za ndege, simunamve. Ndakonza chipinda ku hotela, ndakonza chakudya, tudo, zonse. Tsopano taonani."

"Sinthani tsiku, achimwene. Munyamuke Lamlungu."

"Feli, bilyeti ya ndege si ya shapa yoti ukasiya iyi ukwera ikubwerayo. Lolemba ndili pantchito ine."

"Nanga maliro a atate ndiwo a shapa?"

Anangoti tikachedwa tikawapeze ku bwalo la ndege, akatidikira pakhomo. Ndinadula foni ndisanalankhule mawu oti n'kudzapita nawo kwa ansembe kukalapa.

Chitsulo chija chinafika Lachinayi masana pa kagalimoto ka tomato. Titanyamuka motorisita anathamanga ngati ndiye wachedwetsedwa ndi ife. Tinawoloka mlatho wa Save, tinagona panjira poti mabasi aakulu sayenda usiku, n'kudzukiranso. Za mitengo ya koko ya ku Massinga ndi nyanja ya ku Maxixe mukafunse ena, ine maso anga anali pa dzuwa. Pa Xai-Xai foni yanga inatha moto. Amayi anali phee, milomo yokha ikugwedera, ndipo ndinadziwa kuti akuyeserera mumtima kuti asadzadumphe kanthu.

Tinalowa mu Maputo Lachisanu dzuwa litapendeka. Pamalo otsikira mabasi amuna anatiunjirira, wina wagwira thumba, wina wagwira basiketi, wina akukoka amayi dzanja, onse akulankhula chilankhulo chimene sindinkamva ngakhale liwu limodzi. Akanapanda dona Zita sindikudziwa kuti tikanathera kuti. Anawabalalitsa ndi mawu okha, anatipezera tchopela, kanjinga kamoto ka matayala atatu kaja, anakambirana mtengo, n'kundichenjeza kuti ndisawonjezere kanthu ngakhale woyendetsayo alire. Kenako anagwira amayi manja onse awiri n'kunena kuti, "Mukanene bwino, mama."

Tchopelayo inalowa pakati pa magalimoto ngati khoswe m'nkhokwe, komabe panali malo ena amene tinaima osasuntha, utsi uli m'mphuno. Titafika, woyendetsayo sanatifunse kanthu. Anayang'ana thumba la kachewere, anayang'ana nsalu zathu, n'kugamula yekha kuti anthu oterewa sangakhale ndi zochita ndi ndege zopita kunja. Ine sindinkadziwa kuti bwalo la ndege lili ndi mbali ziwiri, ya ndege za m'dziko momwemo ndi ya zopita maiko ena, ndiponso kuti mbali iliyonse ili ndi khomo la ofika ndi la onyamuka. A Domingo anangoti pakhomo, ngati kuti ndi nyumba ya atate ya khomo limodzi.

Tinaima pakhomo pamene anthu ankatulukira ndi masutikesi awo. Amayi ankasuzumira nkhope ya mwamuna aliyense wa imvi, poti mwana wawo anali atatha zaka zambiri osamuona, ndipo kawiri konse ndinawagwira atayamba kale kumasula nsalu kuti ayale pamaso pa munthu wa eni. Nthawi inkapita. Potsiriza ndinasonkhanitsa Chipwitikizi changa cha kusukulu n'kufunsa mlonda wovala yunifolomu kuti opita ku Lisboa amalowera pati. Anangoloza ndi mlomo mbali ina ya chinyumbacho.

Ndinasenza thumba pamutu, basiketi m'manja, amayi akukwekweretsa mapazi otupa pambuyo panga. Bambo wina anabwera ndi kangolo kachitsulo n'kutithandiza, ndipo ndinathokoza Mulungu kuti anthu abwino akadalipo. Titafika anatambasula dzanja. Ndinamupatsa, ndipo nditacheuka ndinaona tingolo tomweto tili ndandanda pakhoma, aliyense akungotenga osalipira. Pomwe ndimati ndimufunefune n'kuti atazimiririka.

Mbali ya ndege zakunja inali dziko lina. Pansi pake pankanyezimira moti ndinkaopa kuponda, ndipo munkazizira koopsa. Amayi anakoka juzi zawo ziwiri zija n'kundiyang'ana ndi diso loti ndinakuuza. M'mwamba munali mawailesi a kanema olembedwa maina a mizinda, anthu ali pamizere kupereka masutikesi, ena akulowera pa khomo la galasi pamene panaima alonda. Amene walowa pamenepo sankatulukanso. A Domingo panalibe. Ndinazungulira holo yonseyo ndikuitana dzina lawo motsitsa, manyazi ali m'maso, koma palibe anacheuka.

Ndinafunika moto wa foni. Pobayira pake ndinapapeza pamalo ogulitsira tiyi ndi makeke, ndipo mtsikana wa pamenepo anandiuza mwaulemu kuti moto ndi wa ogula. Ndinaitanitsa tiyi kuti amayi atenthetseko m'mimba. Kunabwera kakapu kongokwana kumwetsera mwana mankhwala, ndipo mtengo wake ndikanagula nawo nkhuku yamoyo ku Furancungo. Amayi anakana kulawa. Anati sangaike kanthu m'kamwa atafika kale pakhomo pa mwana asananene maliro. Ndinamwa ndekha tiyiyo, ndipo sindinamve n'kukoma kwake komwe.

Foni itayaka ndinaimba.

"Feli! Ndakudikirani tsiku lonse. Foni yako inali yozima, ndinayesa mwalephera. Ndalowa kale mkati, ndili mu sala."

Salayo ndi chipinda chimene amadikirira okwera olemekezeka, kumene akuti mipando yake ndi yofewa ndipo chakudya n'chongotenga. Kumbuyo kwa mawu awo ndinkamva masipuni akulira m'mbale.

"Tulukani, achimwene. Tili pano pa chipilala cha pafupi ndi khomo."

"Sizophweka, mana. Munthu ukadutsa apa, kuti utuluke pamafunika kupempha, ndiye polowanso ayambirenso kukusecha."

"Amayi adutsa dziko lonse mpaka mapazi kutupa, inu chitseko chimodzi chokha chikukukanikani? Tulukani, apo ayi ndiyamba kukuwa dzina lanu pano mpaka alonda akakutengeni okha."

Amandidziwa a Domingo, ndipo anadziwa kuti ndingachitedi. Patapita kanthawi khomo la pambali linatseguka. Kunatuluka bambo wonenepa wa imvi, wa jekete labwino, kachikwama kamatayala kali pambuyo. Sindikanawazindikira pankhope, koma kayendedwe kake kanali ka atate, phewa limodzi lili pansi. Mkwiyo wanga unagwedezeka pang'ono pamenepo.

"Mamã!" anafuula, manja atatambasula.

Amayi anabwerera m'mbuyo. Anamasula nsalu imodzi m'chiuno, anaiyala pansi ponyezimira paja m'munsi mwa chipilala, anakhala, anatambasula miyendo, n'kugwira kumutu. Kenako analira. Sikunali kusisima kwa m'tauni ayi, kunali kulira kwa kwathu kotchula dzina, kumene kumamveka mpaka kutsidya kwa dambo. M'chinyumba chagalasi chimenecho mawu awo anakwera kudenga n'kubwerera. Mizere yonse inacheuka. Ine ndinakhala pansi pambali pawo n'kulira nawo, theka maliro theka ukali.

A Domingo anaima manja ali m'malere. Mlonda anabwera mothamanga, iwo n'kuyamba kumufotokozera m'Chipwitikizi chosalala, thukuta lili kamukamu m'malo ozizira chonchija. Mlondayo atamva kuti ndi maliro anavula chipewa, anatiuza kuti tingosendera pakona, n'kuchoka. Iye anamvetsa msanga kuposa mwana wa malemu.

"Amama, dzukani, chonde," a Domingo anawerama n'kunong'ona. "Pamwambapa pali malo odyera abwino. Tikakhale pamipando, mukadye kanthu kotentha, tikacheze bwinobwino. Anthu akutiyang'ana."

Analoza masitepe oyenda okha amene ankatengera anthu kumwamba. Amayi sanayang'ane n'komwe.

"Maliro sanenera pampando. Khalani pansi, bambo."

"Ndiponso thumbali sindingapite nalo, salola zakumunda. Mwavutikiranji nalo?"

"Khalani pansi, achimwene," ndinatero ine. "Buluku amachapa."

Anayamba anjuta, kuyesa kunyengerera pansi ndi jekete lomwe. Amayi anadikira mpaka achimwene anakhala pansi penipeni. Pamenepo amayi anapukuta misozi ndi nsonga ya duku, anakonza pakhosi, n'kuyamba.

"Atate anu adayamba nthawi yobzala nyemba. Adabwera kumunda dzuwa lisadafike pamutu, chimene sadachitepo, n'kunena kuti pachifuwa pakulemera. Ine ndidati n'chimfine. Ndidawaphikira masamba a bulugama kuti afukize, iwo n'kunena kuti zachepa. Kunali kunama, poti m'mawa mwake khasu adapita nalo koma lidabwera lopanda dothi."

Anapitiriza mwa dongosolo lake. Ananena za chifuwa chosagonetsa, za mapazi amene anayamba kutupa, za anthu amene anabwera kudzazonda, aliyense ndi dzina lake ndi chimene anabweretsa. Ananena za tsiku limene anawakweza pamota, wina kutsogolo wina kumbuyo kuwagwirizira, mvula ikugwa, ulendo wa kuchipatala ku Ulongwe. A Domingo poyamba maso awo ankathawira ku mawailesi a m'mwamba aja. Koma amayi atafika pamene atate anakana chakudya n'kuyamba kutchula maina a ana awo mmodzimmodzi, kuyambira woyamba, ndinaona phewa la achimwene likugwedezeka. Anavula magalasi n'kulira ngati mwana. Ndinati mumtima, chibale n'fupadi, sichiola. Ndinatsala pang'ono kuwakhululukira zonse, basi yofa ija, mapazi otupa, ndi masipuni omwe.

Kenako chimkuzamawu chinalankhula, ndipo pakati pa mawu ake ndinamva Lisboa. A Domingo anavala magalasi. Anasuzumira foni, anandikodola ndi chigongono.

"Feli, auze adumpheko," ananong'ona.

"Auzeni nokha. Ndi amayi anu."

"Amama," anatero mofatsa, "mathero ake ndikuwadziwa. Ndinaona zonse pafoni. Mungonena mwachidule kuti ndipepese."

Amayi anachita ngati palira ntchentche. Sanafulumire, sanachedwe, anangopitiriza pomwe analekera.

"Ndiye atawapatsa madzi a m'mabotolo aja, tsiku lina m'mawa ndidadzidzimuka atate anu atakhala tsonga pabedi. Akuti, mayi, ndili ndi njala. Ndidathamanga kukaphika phala, ndidathira ndi nsinjiro zomwe. Adamaliza mbale yonse, n'kunyambita supuni. Adafunsa ngati chimanga tathira feteleza wachiwiri. Adaitanitsa lumo kuti amete ndevu, akuti akuoneka ngati mbuzi. Odwala anzawo onse adaseka. Adadzuka okha, osagwira munthu, kuyenda mpaka pakhonde kukaothera dzuwa."

Chimkuzamawu chinalankhulanso, ndipo ulendo uno chinatchula dzina la a Domingo lonse, ndi la atate lomwe. Anadzambatuka. Anagwadanso, anagwira dzanja la amayi n'kulipsompsona, anafinyira kanthu kopindapinda m'chikhatho chawo.

"Desculpa, mamã, mundikhululukire. Ndikachedwa atsitsa katundu wanga. Ndidzabwera pa Khirisimasi, tidzamalize bwinobwino kunyumba. Feli, uwasamale."

Khirisimasi imeneyo akhala akuilonjeza kuyambira mwana wanga woyamba ali kumsana, ndipo pano mwanayo ali ndi wake. Anakoka kachikwama kawo n'kuthamanga, fumbi la pansi lili kumbuyo kwa buluku. Ndinaimirira. Ulemu wonse umene ndinayenda nawo kuchokera ku Furancungo unathera pomwepo.

"Thamangani!" ndinakuwa, holo yonse ikumva. "Thamangani, ndege ndiyo inakuberekani!"

Sanacheuke. Anaonetsa mapepala awo kwa alonda, khomo la galasi linatseguka, linatsekeka.

Ndinatembenukira kwa amayi. Anali chikhalire, kamwa ili yasa pang'ono ngati munthu amene mawu otsatira ali kale palilime.

"Malizani, amama. Uzani ine, uzani chipilalachi, uzani aliyense, koma malizani tizipita."

"Iwe udalipo. Ndikuuzenso chiyani?"

"Ndiye ndiwaimbira. Sanakwere, akadali pamzere. Ndiwauza ndekha zonse zotsalazo, mmene zinatembenukira, mmene atate anavutikira, mawu amene ananena potsiriza. Akwere nazo ndege yawoyo, zikawawotche njira yonse."

Ndinali nditatulutsa kale foni ndipo chala chinali pa dzina lawo. Amayi anandigwira pamkono. Dzanja lawo linali lozizira, koma linagwira mwamphamvu moti sindinathe kulikutumula. Maso awo anali pa khomo la galasi lija.

"Asiye," anatero. "Achimwene ako apita atate awo akupeza bwino."